Chingwe cha Anamanzere

Usiku wapitawu, anzanga, ndinalota zinthu zoti mpaka pano mutu wanga sunabwerere m'malo mwake. Zione, taimitsa kaye makinawo, diresilo silithawa. Nanunso Anasibeko, ikani simbiyo pambali mungawotche kolala ya eni. Ndikufuna ndikufotokozereni zisanandithawe, paja maloto ali ngati mame, dzuwa likangokwera basi.

Nkhani ya mlongo wanga Fatsani mukuidziwa. Shuga ndi bipi zinamudyera impso zonse ziwiri, moti masiku ano moyo wake uli pa makina osefa magazi aja a kuchipatala chachikulu. Mukudziwanso kuti atatiyeza abale tonse, amene ndinagwirizana naye magazi ndi ine. Adokotala akudikira yankho langa sabata ino, kuti ngati ndavomera kumupatsa impso imodzi ayambe kukonza za ulendo wakunja kumene amachita opaleshoniyo. Abambo a Ulemu kunyumba safuna n'kumva komwe. Akuti Mulungu sanaphonye masamu poika ziwiri. Chimene simukuchidziwa ndi funso limene ndinawafunsa adokotala dzana. Iwo anati impso imodzi ikachoka, yotsalayo imakula n'kumagwira ntchito yochulukirapo. Ine ndinati, "Nanga yotsalayo imadziwa bwanji kuti inzake yapita? Amaiuza ndani?" Anaseka, n'kunena kuti m'thupi muli timadzi totchedwa mahomoni, timene timayenda m'magazi ngati amithenga, koma kuti zina ngakhale iwo akadafufuzabe. Funso limenelo ndinagona nalo, ndiye tamvani kumene linanditengera.

Ndinalota ndili muno m'shopu mwathu, dzuwa lili paliwombo, koma inu munalibemo. Ndinkasoka diresi laukwati, nsalu yake yofiirira ngati chiwindi, ndiye ndikamasoka kutsogolo, kumbuyo msoko unkangomasuka. Ndiye makina angawa anatsokomola, n'kunena kuti, "Mayi a Ulemu, mukuvutikiranji? Akukuitanani kumsana."

Zoti makina akuyankhula sizinandidabwitse. Chinandidabwitsa ndi mawu ake, chifukwa anali a mayi uja wolengeza za maliro pa wailesi.

"Kumsana kwa yani?" ndinafunsa.

"Kwanu. Muli nayo ingati misana?"

Ndiye tepi yoyezera inatsika pakhosi panga, n'kuyamba kukwawa ngati njoka kulowera kukhomo lakuseri. Shopu yathu ino ilibe khomo lakuseri, mukudziwa, koma kutuloko linalipo, lopaka penti yobiriwira, ndipo ndinkadziwa kuti lakhala lilipo kuyambira kale. Nditangolitsegula, mwadzidzidzi ndili pa depoti, kondakitala akumenya chitseko cha minibasi, akuti kumsana, kumsana, wotsala mmodzi.

Ndinakwera. Anthu a m'minibasimo anali ofiira, obulungira ngati zitumbuwa, aliyense beseni lovindikira pamwendo. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandisendera, ndiye ndinamufunsa chimene wanyamula.

"Mpweya," iye anatero.

"Wogulitsa?"

"Wogawa. Timakautenga kumapapo, n'kumasiya khomo ndi khomo. Kumsana timangodutsirako."

Nditayang'ana kutsogolo, dalaivala panalibe. Msewu sunali msewu, unali mtsinje wofiira, ndipo minibasi inkayenda modukiza. Kwinakwake kumtunda ng'oma inkalira, du-du, du-du, ndiye ikalira tinkasuntha, ikapuma ifenso tinkapuma. Ndinafunsa kuti nanga woimbayo akatopa zimakhala bwanji. Mayi uja anati, "Akatopa ndiye kuti tonse tafika."

Ndiye pawindo panayamba kudutsa akabaza, ambirimbiri, akupalasa ngati akuthawa mvula, koma kumbuyo kopanda wokwera. Onse masaya ali tutumu, milomo atatseka. Ndinakodola mmodzi, iye anangondiyang'ana n'kupitirira.

"Musawayankhulitse," anatero mayi wa beseni. "Ndi amahomoni amenewo. Uthenga amausunga m'kamwa. Akatsegula pakamwa panjira utayika, ndiye amakaulavulira m'khutu la mwini wake basi."

Ndinkafuna kufunsa kuti amadziwa bwanji khutu loyenera, koma mwadzidzidzi minibasi inaima pa rodibuloko. Panabwera bambo wa yunifolomu ya khaki, mimba ili patsogolo, n'kusuzumira pawindo langa. Enawo sanawafunse kanthu.

"Mayi, mwanyamula impso zingati?"

"Ziwiri, bwana."

"Pobwerera zikhala zingati?"

Ndinayang'ana anthu a mabeseni aja kuti mwina wina andinong'oneza, koma onse ankayang'ana kunja. Ndiye bamboyo akudikira yankho, khosi lake linayamba kulowa mu kolala, chipewa chinafutukuka n'kumuphimba msana wonse, mabatani anasanduka mamba. Ndikuphethira, pawindo pali kamba, koma wavalabe lamba.

"Musafulumire," anatero kambayo. "Ine kudikira ndimakutha. Kungoti amene mukumuganizirayo si kamba."

Anayamba kukweza chitsulo chotchingira msewu, koma ankakweza mochedwa kwambiri moti minibasi inangowerama n'kudutsa kunsi.

Ndiye ndinapezeka ndaima ndekha, minibasi kulibe. Patsogolo panga panali khoma la miyala yoyera yosanjikizana, lokwera mpaka m'mitambo, ndipo ndinadziwa kuti limeneli ndi fupa la msana wanga. Ndinaligwira n'kumva kuyabwa kumbuyo. Kumanzere kwa khomalo kunali nyumba yooneka ngati nyemba, yofiirira, yosalala bwino. Pakhonde panakhala mayi wonenepa, manja onyowa, kumutu atavala kachipewa kachikasu kansonga.

"Fikani, Anambewe," anatero mayiyo. "Ine ndine Anamanzere. Takhala limodzi chibadwire chanu, koma kubwera kudzationa ndi lero."

Ndinagwada n'kupepesa. Iwo anati zopepesa zisiyeni, koma popeza mwabwera, pali ziwiri zoti tikambirane. Mchere umene mumathira pa mango aawisi uja wachuluka. Komanso chizolowezi chomakhala pa makina tsiku lonse osamwa madzi, kuopa kudzuka pamene kasitomala akudikira, chimatizunza ife kuno. Zione, usaseke, anakutchula nawenso.

Ndiye anandilowetsa m'nyumba. Anzanga, m'menemo munali timayi tating'ono tosawerengeka, kuyambira pansi mpaka kudenga, aliyense atagwira kasefa kochepa kuposa chikhadabo. Mtsinje wofiira uja unkalowa pakhomo n'kugawika timifuleni, ndiye timayi tija tinkasefa, zabwino n'kubwezera mumtsinje, zoipa n'kukhuthulira mu kangalande kotsikira kumunsi. Ankagwira ntchito mosayankhula, kungomveka waa, ngati mvula ikubwera patali. Ndinaimirira pamenepo nthawi yaitali, kungoyang'ana. Ndinafunsa kuti amagona nthawi yanji, Anamanzere anati mawu amenewo kuno sitiwadziwa.

"Nanga anzanu a tsidya linalo, mumacheza nawo?"

"Anamanja? Sitinaonanepo. Khomali simukuliona?"

"Nanga mumadziwa bwanji kuti alipo?"

Anatunga madzi ofiira m'manja n'kuwayeza ngati munthu woyeza ufa. "Madzi akamafika kuno amakhala opepukako. Ndiye ndimadziwa kuti kwinakwake kuli wina amene wachotsako zina. Iwonso amadziwa chomwecho za ine. Moni wathu ndi ameneyo."

Ndisanayankhe, kachipewa kachikasu kaja kanayankhula kali kumutu komweko. "Ndineneretu, ine sindipita nawo. Ndimangokhala pamutu pawo koma si ine wawo. Ntchito yanga n'kukuwa kukagwa zoopsa. Tsiku lija munakumana ndi galu wa a Chimtengo, amene anakuthamangitsani miyendo ndine."

"Kupita kuti?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

Anamanzere analoza pakona. Panali kamtolo komangamanga kale m'chitenje, ndi chingwe chokulunga bwino pamwamba pake. "Kukakhala kopita, amapita ndi wa chingwe chachitali, ndipo chachitali ndi changa. Ndinamanga tsiku lomwe anakubayani jakisoni woyeza magazi uja."

"Simukuopa?"

"Kusefa n'kusefa. Madzi a kwa Fatsani ndi madzi omwewa, mayi wake ndi mmodzi. Koma ine sindinyamuka ndekha, Anambewe. Impso siyenda ulendo mwini wake asanatsanzike."

Ndiye tepi yanga ija, imene ndinali nditaiiwala, inatulukira pansi pa mpando, n'kulowa pa kamng'alu ka khoma. Ndinagwira mchira wake, mwadzidzidzi ndili tsidya linalo. Kumeneko nyumba inali yofanana ndi yoyamba ija, kungoti inali yotsika pang'ono, denga lake lotifuka. Mwini wake anali mayi wamfupi, nkhope yokwinya, akukolopa pakhonde mokalipa.

"Musadabwe ndi dengalo," anatero asanandipatse n'komwe moni. "Pamwambapa pamakhala Achiwindi, munthu wolemera thupi, wosadziwa kusendera anzake. Ndiye ndamva kuti mukufuna kundisiyira ntchito ya anthu awiri."

Ndinati sindinaganize kanthu, ndangobwera ndi funso. Ndinawafunsa lomwe lija, kuti anzawo akapita iwo adzadziwa bwanji, ndipo adzakula bwanji.

"Kudziwa ndidzadziwa tsiku lomwelo. Madzi adzafika olemera, moni uja kulibe." Apa anasiya kukolopa. "Kukula ndiye onani nokha."

Anaomba m'manja. Panafika wakabaza mmodzi, thukuta lili kamukamu, n'kutsamiritsa njinga pakhoma. Anagwada pafupi ndi kamayi kamodzi kosefa, n'kukalavulira uthenga m'khutu. Kamayiko kanaimitsa sefa, kanagwedeza mutu ngati munthu wamva za ukwati wa mbale wake, ndiye kanayamba kukula. Mikono inanenepa, msana unatambasuka, sefa nayo inafutukuka, mpaka kadiresi kake kanang'ambika m'khwapa, kwee. Kanapitiriza kusefa, koma tsopano kankatunga madzi ochuluka.

"Ndimayesa mubereka ena oti akuthandizeni," ndinatero.

"Kuno sitibereka asefi atsopano. Amene munabadwa nawo ndi omwewa. Aliyense amangokula pamalo pake n'kusenza zochuluka. Ndiye mwachita bwino kubwera, atelala. Tiyezeni, mutisiyire malo pa msoko."

Ndinayamba kuyeza. Koma tepi ija manambala anali atafufutika, m'malo mwake inkayankhula. Ndikaizunguliza m'chiuno mwa kamayi kaja inkati, "Pang'ono." Ndikamasulako inkati, "Pang'ononso." Kachitatu inati, "Basi." Kamayi kaja katangomva basi kanasiya kukula.

"Mwamva?" anatero Anamanja. "Kukula kwabwino kumamva basi. Kosamva basi kakuoneni kwa mlongo wanu. Ine ntchitoyo ndidzaigwira, kudandaula ndi chibadwa changa chabe. Koma mcherewo muchepetse, ndipo kuchipatala muzikaonetsa nkhope, chifukwa ine ndikadzagwa sipadzakhalanso wina kuseri kwa khomali."

Ndiye ndinati ndiimirire ndizipita, koma ndinakanika. Ndikuyang'ana pansi, ndakhala pamphasa, ndipo abambo a Ulemu agwada pambali panga ndi singano, akusokerera mpendero wa chitenje changa kumphasako. Munthu woti batani lomwe sadziwa kusoka. Lilime atalitulutsa pang'ono, maso ofiira.

"Mukutani, abambo a Ulemu?"

"Ndikukonza mphasa."

Singano inati, "Ine ndangotumidwa, mayi." Sizasi inatulukira m'thumba mwanga n'kufunsa kuti, "Ndidule?" Ndinati ayi, bwerera.

"Mayi a Ulemu," anatero amuna anga osandiyang'ana, "mukakagona patebulo la azunguwo osadzukanso, ana ndidzawauza chiyani? Ndidzati mayi anu anapita kukapereka mphatso?"

"Nanga Fatsani akapita ine ndili nazo ziwiri, ineyo ndidzadziuza chiyani?"

Misozi yawo inkagwera pamphasa n'kusanduka timibulu ta mchere, ndiye Anamanja ankatisesa msangamsanga akung'ung'udza. Ndinayang'ana msoko wawo uja. Unali wotalikirana, wokhotakhota, wopanda mfundo kumapeto. Nditangosuntha mwendo unayamba kumasuka wokha.

"Mwasoka mosalimba," ndinatero.

"Ndikudziwa. Ndikanafuna kulimbitsa ndikanabwereza kawiri. Ndimangofuna mudziwe kuti ndinasoka."

Ndinaimirira. Ulusi umodzi wokha unatsala wolumikiza chitenje ndi mphasa, ndiye iwo anapinda mphasayo, n'kuisenza paphewa, n'kumanditsatira pambuyo kuti ulusiwo usaduke.

Tinayenda pang'ono, mwadzidzidzi nthaka inasintha. Kunali kouma, kotentha, fungo lake ngati la misomali yakale. Mtsinje wa kumeneko unali wakuda ndi wolemera ngati phala la dzulo. Ndinadziwa kuti talowa kwa Fatsani. Nyumba ziwiri za nyemba zinalipo, koma makoma ali zipsera zokhazokha. Pachulu panaima bwana wina wa suti ndi tayi yofiira, chinkuzamawu kukamwa, akulamula mosapuma. "Mangani mipope. Onjezani moto. Kulani. Mangani mipope. Onjezani moto. Kulani." Akabaza ankatenga mawuwo m'kamwa n'kuthamanga nawo, ena akugundana, ena akugwa.

Ndinakwera pachulupo n'kumukoka jekete. "Pepani bwana, anakutumani ndani?"

Anatsitsa chinkuzamawu, n'kundiyang'ana ngati funsolo sanalimvepo. Ndiye tayi ija inayamba kulendewera n'kusanduka nyama yofiira, jekete linafufuma n'kukhala nthenga, kumbuyo kunatambasuka chimchira. Anali nkhukundembo.

"Ananditumiza kalekale," inatero nkhukundemboyo, "tsiku lina madzi atachepa. Anati kakuwe kuti mipope imangidwe, madzi athamange. Ndinakuwa. Mpaka lero palibe amene wabwera kudzandiuza kuti ndisiye."

"Ndiye siyani."

"Inu si amene munandituma." Inafufumanso n'kupitiriza.

Padenga la nyumba imodzi panakhala bambo wina woonda, waulemu, suti yake yofiirira ngati dothi la katondo. Ankabenthula malata n'kumatafuna ngati chimanga chokazinga. Atandiona anavula chipewa.

"Ndine a Dzimbiri, mayi. Musandiyang'ane choncho, ine sindida munthu."

Ndinawafunsa kuti analowa bwanji m'thupi mwa mwana wa mayi anga, poti munthu si chitsulo.

"Sindinalowe, ndinabadwira momwemuno. Paliponse pamene akuphika pamathetheka timoto. Kwanu komwe timathetheka, kungoti kuli anthu osesa amene amatizimitsa tisanagwere padenga. Kuno shuga anachita kukhuthulira pamoto, uyo naye akukuwa kuti onjezani, ndiye timoto tinachuluka, osesa aja anatopa n'kukhala pansi. Pamene kamoto kagwera, ine ndimamera. Ndikamera ndimamva njala. Mulawako?"

Ndinakana. Ndinasuzumira m'nyumbamo, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kusuzumira. Timayi tosefa ta kumeneko tinali titakula mpaka kutsekereza makomo, mikono yotupa yosapindika, tina titakanirira pamawindo. Masefa anali obooka, zabwino zinkatayikira mu ngalande n'kumachita thovu. Tina tinali titauma n'kusanduka makoma. Kamodzi kanandiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Atelala, tepi yanu ija ili kuti?" Ndinaipereka. Tepi inazungulira, n'kunena motsitsa kuti, "Ndachedwa."

Ndiye ndinamuona Fatsani. Anakhala pansi pa mtengo wa mango wopanda masamba, ndevu zake zomwezi, koma atavala kabudula wa sukulu. Kumkono kwake anamangirirako ng'ombe yachitsulo, imene inkayamwa magazi, n'kuwabzikula pang'onopang'ono, n'kuwabwezera. Maso a ng'ombeyo anali magetsi obiriwira.

"Achemwali, mwadzatani kuno? Kuno kulibe mpando."

"Ndabwera kudzaona."

"Mwaona. Bwererani. Alamu, atengeni azipita." Abambo a Ulemu anangoima ndi mphasa yawo. Fatsani anati, "Ine ndinadya zanga, ndinanyozera mankhwala anga. Musadule thupi lanu chifukwa cha ine. Ng'ombeyi ikundisunga."

Ng'ombe inasiya kubzikula. "Ndimayesetsa," inatero, "koma ndili ndi anthu ambiri pamzere, ndipo ine si mbale wake."

Ndinakhala pansi pafupi naye. Ndinamufunsa chimene amachilakalaka kwambiri, ndikuganiza kuti anena nyama yootcha, kapena mpira umene ankasewera. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuseka mwamanyazi ngati mmene ankachitira ali mwana.

"Musandiseke, achemwali. Kukodza. Kudzuka m'mawa chikhodzodzo chitadzaza, kuthamangira kuseri, n'kuima pamenepo mpaka kumva thupi kupepuka. Chaka chino chonse sindinamveko. Timadontho basi."

Sindinaseke. Ndinamugwira phazi, linali lotupa ndi lozizira.

Ndiye kunatulukira adokotala aja a dzana, jekete loyera, kachipangizo komvera mtima kali pakhosi. Akuyandikira, miyendo yawo inkatalika n'kumaonda, khosi linapindika, mphuno inasongoka, mpaka pofika pamtengo paja anali kakowa. Pambuyo pawo pankabwera Anamanzere, kamtolo kali pamutu, kachipewa kaja palibe. Mutu wawo unali wa imvi, ndipo ndinachita manyazi kuuona.

Mwadzidzidzi agalu oyera anatuluka paliponse n'kuwazungulira, akununkhiza, mano ali pamtunda. Wamkulu wawo anafunsa kuti, "Mfunda wanu, mayi?"

"Nambewe, ngati eni mudzi uno."

"Fungo ndi lakwathu," anatero galuyo, "koma nkhope sitikuidziwa."

Kakowa anatulutsa mapilisi pansi pa phiko n'kuwamwaza ngati chimanga cha nkhuku. Agalu anatola n'kugona pansi, aliyense diso limodzi lili chitsegulire. "Azidya zimenezi tsiku ndi tsiku, moyo wanu wonse," anatero kakowa akuyang'ana Fatsani. "Mukadzaiwala, adzadzuka." Kenako anauza Anamanzere kuti kumsana kuno malo kulibe, nyumba zakalezi sitigumula, ndiye akawamangira kutsogolo, kumunsi kwa mimba, pafupi ndi chitsime. Anamanzere anati kulikonse, bola pakhale madzi.

Koma sanasunthe. Onse ankangondiyang'ana, kakowa, ng'ombe, agalu, a Dzimbiri padenga atasiya kutafuna, ngakhale nkhukundembo inatsitsa chinkuzamawu. Ndikudziyang'ana, chingwe cha Anamanzere chija chili m'dzanja langa. Chinkachokera m'nthiti mwanga kumanzere, n'kudutsa m'chikhatho, n'kukathera m'chiuno mwawo. Chinali chofunda, ndipo chinkagunda pamodzi ndi ng'oma ija. Panalibe amene ankachikoka.

"Adokotala," ndinatero, "ndiuzeni zoona. Munthu angakhale ndi imodzi?"

Kakowa anakweza mwendo umodzi n'kuubisa m'nthenga. Anaima choncho, osagwedera. "Ine ndimatha tsiku lonse chonchi, ndipo anzanga ambiri akalamba ataima chonchi. Koma sindingakuuzeni kuti mphepo siwomba. Amene angakuuzeni zimenezo ndi wabodza. Mukakana, palibe amene akuimbeni mlandu, ndipo ine ndikauza anthu kuti sizinatheke basi."

Ndinayang'ana abambo a Ulemu. Anatsitsa mphasa paphewa, n'kuiyala pansi pa mtengo paja, pakati pa ine ndi Fatsani. Anati, "Mukadzuka mudzafuna pogona."

Ndinayang'ana Anamanzere. Anati, "Mukawauze Anamanja kuti ndinkamva moni wawo."

Mantha anali pomwepo, anzanga, sanachoke ayi. Koma pansi pa manthawo panali kenakake kofuna kuona, kofuna kudziwa kuti madzi akudawo akakumana ndi masefa a Anamanzere zikhala bwanji. Ndiye ndinayamba kutambasula zala, chimodzichimodzi, kuyambira chaching'ono. Chingwe chinaterereka m'chikhatho mwanga ngati ulusi ukamachoka pa bobini. Anamanzere anatsika kachitunda osacheuka, anamasula kamtolo, timayi tawo tonse tinatuluka n'kukhala m'mizere, ndiye ndinamva waa uja, ngati mvula ikubwera patali.

Fatsani anadzidzimuka. Anagwira pamimba, maso ali tong'o. "Achemwali," anatero, "tayang'anani kumbali." Anaimirira, ng'ombe n'kumumasula yokha, ndiye anathamangira kuseri kwa mtengo wa mango, kabudula wa sukulu atamugwira m'manja. Ndinatembenuka kuyang'ana kumbali. Kunamveka dontho, kenako lina, kenako tyololololo, osaleka, mpaka a Dzimbiri ananyamula mapazi kuopa kunyowa.

Ndiye phokosolo linkangokulirakulira, likumveka ngati likugwera m'chitini, ndipo ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera. Malo a abambo a Ulemu pabedi anali ofunda koma opanda munthu. Anali iwowo, kuseri kwa chitseko, akutaya madzi mu ndowa yathu yachitsulo ija chifukwa kunja kunkawaza mvula. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwakalipira kuti ndowayo imasokosera. Lero ndinangogona chagada, dzanja lamanzere lili chitambasulire pabulangete, n'kumvetsera mpaka dontho lomaliza.